Mzere Woyamba wa a Custódio Chagunda

Malemu a Custódio Ezequiel Chagunda anabadwa mu 1958 kuno ku Fonte Boa. Amene ndikuwerengane ndine Mário, mwana wa mlongo wawo.

Sukulu anaphunzira pa mishoni pompano mpaka kwarta kalasi, ndiye kuti kalasi yachinayi. Mu 1978 boma linawatenga kukalowa usilikali, ndipo anamenya nkhondo mpaka pamene inatha mu 1992. Anabwerako khutu limodzi litagontha. Za kunkhondoko sankazikamba. Tikawafunsa, ankatitchera khutu logonthalo.

Mu 1993 anamanga ukwati woyera ndi a Rufina. Nthawi imeneyo n'kuti anthu amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu akubwerera kwawo. Anapeza minda itasanduka tchire, ndipo m'minda ina munali mabomba okwirira pansi. Akatswiri ochotsa mabomba anagwira ntchito yawo n'kunena kuti zatha, koma anthu sanakhulupirire. Mvula inayandikira, makasu ali m'nyumba, njala ili pakhomo.

Apo m'pamene malume anasenza khasu, nalowa m'munda wa a Gracinda, mayi wamasiye wa ku Domwe, n'kugalauza mzere woyamba kuyambira kuno mpaka uko, anthu akuonerera chapatali. A Rufina analira, nawauza kuti sanakwatiwe kuti avale zakuda chaka chisanathe. Malume anangoti, "Zinthuzi tinakwirira ndife asilikali. Ngati latsalapo lina, lipeze ine." Anachita chimodzimodzi munda ndi munda, mpaka wa a Geraldo, amene pankhondo anali mbali inayo. Anthu anang'ung'udza, koma malume anati njala ilibe chipani. Chaka chimenecho tinadya chimanga ndi mbatatesi zolima tokha.

Mu 2009 anthu anawasankha kukhala phungu wawo ku Asembleya ya chigawo cha Tete, ndipo anatumikira zaka khumi. Tisaname pamaliro, kulankhula pamsonkhano sikunali kwawo. Koma za mijigo ndi milatho ya kumidzi ankaumirira ngati nkhupakupa, mpaka akuofesi ku Ulongwe ankati akawaona, ayambiretu kufuna mayankho. Khasu sanalisiye. Chaka chilichonse mzere woyamba m'minda ya amasiye unali wawo. Kutchalitchi anali a kwaya, ndipo chifukwa cha khutu lija ankatsogola nyimbo ena onse asanakonzeke.

Mu Ogasiti anadwala matenda ofa ziwalo, nagonekedwa m'chipatala cha ku Ulongwe. Nkhawa yawo sinali imfa ayi, koma munda wawo wosagalauza, ndi kuti a Rufina adya chiyani. Mwezi wathawu anthu a kuno ndi a ku Domwe anafika kumunda kwa malume ndi makasu, osaitanidwa. Onse anaima m'mphepete mwa munda kudikira a Geraldo, ndi ukalamba wawowo, kuti atsirize mzere woyamba. Titawauza malume, anagwetsa misozi, kenako anafunsa ngati mzerewo unawongoka. Amwalira Lachiwiri lapitali.

Asiya mkazi wawo a Rufina, ana atatu, Benedito, Albertina ndi Zélia, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mlongo wawo a Sesilia, amene ndi mayi anga. Ife abale tikulira, koma tikuthokoza kwambiri. Malume anaponda poopsa kuti ife tiponde mosaopa.

Dothi limene analitsegula ndi khasu lawo liwalandire bwino. Apumule mu mtendere.