Anati Tiyamike Ndi Mfiti Chifukwa cha Buku la Loboti

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, makamaka inu amene mukulera ana a abale anu amene anatsogola. Ine ndimakhala ku Chinsapo, geni yanga ndi ya kaunjika. Ndikufuna ndikuuzeni mmene mwana wanga Tiyamike anamutchulira mfiti pagulu, mpaka ndinatsala pang'ono kulandidwa mwanayo, ndi mmene Mulungu anatiyankhira kudzera mwa munthu amene sindinamuganizireko n'komwe.

Tiyamike ndi mwana wa malemu akulu anga. Maliro atatha ndinabwera naye kuchokera ku Ntcheu ali mu Sitandade 3. Anali mwana wa phee. Akaweruka kusukulu ankangokhala pakhonde, maso kumsewu, anzake akamuitana osadzuka. Mtima unkandiwawa, koma ine ndi munthu waphokoso, kutsatsa malonda ndimatha, kutonthoza mwana kunkandikanika.

Tsiku lina nditamasula belo la zikwama za ana asukulu, m'chikwama china ndinapezamo buku lachizungu la makatuni, lothothoka chikuto. Nkhani yonse inali m'zithunzi, mawu ali m'timabwalo totuluka pakamwa pa anthu. Munali mzinda wopserera, nyumba zogumuka, kumwamba kuli bii ndi utsi, ndi kamtsikana kakuyenda ndi chimunthu chachitsulo cha maso ofiira, chimene ana amati loboti. Ine ndinkati ndiyatsire mbaula, koma Tiyamike analilanda.

Abale, mwana anasintha! Chizungu sankachimva, koma ankalondola zithunzi ndi chala n'kumapeka yekha zimene anthuwo akunena. Anayamba kufotokozera ana a pamdadada wathu, mpaka kuseri kwa nyumba kunkadzaza. Anawo ankavala makatoni a sopo n'kumayenda ngati ouma mawondo, kutsanzira loboti. Tsono m'bukumo loboti ankamukweza mtsikanayo m'chombo chozungulira, chophwatalala, n'kuuluka naye. Nanga ana a ku Chinsapo chombo akanachipeza kuti? Anatenga lichero langa. Ankakhalamo mmodzimmodzi, anzake akulikoka pafumbi, onse akukuwa kuti, "Tikuuluka!" Ine ndinkaswera kumsika, sindinkadziwa. Ndinkangodandaula kuti malichero a masiku ano sakulimba.

Inu mukudziwa chimene lichero louluka limatanthauza kwathu kuno. Zaka zimenezo nkhani ya ana ophunzitsidwa ufiti inali pakamwa pa aliyense, kotunga madzi, mu minibasi, ngakhale pa wailesi. Ndiye Dalitso, mwana wa aneba athu, anadwala. Thupi linatentha kwambiri, n'kuyamba kubwebweta kuti Tiyamike anamukweza pa lichero, anapita kumzinda wopanda anthu, ndipo munthu wa maso ofiira anali nawo limodzi. Amake Dalitso anatuluka akulira, manja ali kumutu. Dzuwa lisanalowe, dera lonse linali litamva kuti mwana wamasiye wa mayi wa kaunjika ndi mfiti.

Masiku otsatirawo sindiwafunira ngakhale mdani wanga. Kotunga madzi amayi ankasuntha ndowa zawo ndikafika. Ana ankagenda denga lathu. Tiyamike anasiya sukulu, anasiya kudya, anabwereranso pa phee wake uja. Kenako a landilodi anandiitana n'kundiuza kuti Loweruka kudzakhala bwalo pakhomo pawo, ndipo aitanitsa sing'anga. Mwana adzamutenga kuti akamusanzitse ufiti ndi kumutema mphini, ndipo ndikakana ndisamuke. Ndikanasamukira kuti? Mbiri yotere imafika kumene ukupita iwe usanamange katundu.

Nditamufunsa Tiyamike anandiuza kuti anali masewera a m'buku lija. Ndinati alhamdu, ngati mmene amathokozera Mulungu anzathu a kunyanja, nkhani yatha, tikangowaonetsa bukulo. Koma buku m'nyumba munalibe. Ndinagwedeza mphasa, ndinakhuthula mabelo, osalipeza. Ndinamunyengerera, ndinamukalipira, iye anangoyankha kamodzi kuti, "Akaliona aliwotcha."

Lachinayi ndinapita ku pemphero la amayi. Ena anandisunthira pabenchi, ndipo ndinaona. Titaweruka ndinatsalira ndekha, ndinagwada pasimenti. Sindinapemphere pemphero lokongola ayi. Ndinati, "Ambuye, akulu anga anandisiyira mwana, sanandisiyire mfiti. Pakamwa munandipatsa, koma apa palibe akundimvera. Tumizani wina woti amumvere." Ndinadzuka mawondo atachita dzanzi, popanda chizindikiro chilichonse chakuti ndamveka.

Loweruka masana anthu anadzaza pakhomo pa a landilodi. Sing'anga anakhala pampando, chikwama chake chili pamiyendo. Ndinafotokoza za buku, anthu anaseka. Wina anakuwa kuti, "Nanga bukulo lauluka nalonso?" Amayi awiri anali atagwira kale Tiyamike mikono. Ndinaimirira kuti ndimulande, koma abambo ena ananditchinga. Apo ndiye ndinaona kuti mwana wapita.

Pomwepo panafika Che Jafali, bambo wachisilamu wa ku Mangochi, wokhoma ndowa ndi mbaula m'mbali mwa msewu wathu. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni. Anali atapita kumudzi ku maliro, ndipo anangofika m'mawa womwewo n'kumva nkhaniyi. Kudzanja lina ananyamula chisoti cha lata chokhala ngati ndowa yaing'ono, maso ake ali zitsekerero zofiira za mabotolo. Kudzanja linalo kunali buku lija.

"Pepani akuluakulu," anatero Che Jafali. "Munthu wa maso ofiira mukumufunayo ndi uyu. Ndakhoma ndine, ana anandipempha. Bukuli mwanayu anandisiyira kuti ndizionerapo pokhoma. Ngati pali wolakwa, yambani ndi ine."

Anatsegula tsamba la chombo chija n'kuwapatsa a landilodi. Iwo analiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena chapansipansi kuti, "Komadi ngati lichero." Anaitana mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 kuti awerenge ndi kumasulira. Mtsikanayo anati dziko linapsa ndi nkhondo, kamtsikana kanasiyana ndi amayi ake pothawa, ndipo lobotiyo, amene ntchito yake inali yosesa m'misewu, anakatola n'kumayenda nako kufunafuna amayiwo. Anthu amene ankaseka aja anayamba kusendera pafupi kuti aone zithunzi. A landilodi anafunsa ngati amayiwo anapezeka. Mwana wawo anatembenuza buku, n'kupeza kuti masamba akumapeto anathothoka.

Ndi pamene Tiyamike anayankhula, mawu ali pansi. Anati, "Kumapeto kulibe. N'chifukwa chake timauluka tsiku lililonse, kuti mwina tikawapeze."

Amayi aja anamusiya mikono okha. Amake Dalitso anakhala pansi n'kubisa nkhope m'chitenje. Ine ndinamukumbatira mwana wanga, ndinalira pagulu, manyazi ndinalibe. Che Jafali anafunsa ngati Dalitso anapita naye kuchipatala, ndipo zinapezeka kuti ayi. Anamukweza panjinga yawo, amake akuthamanga pambuyo. Anali malungo, abale, malungo omwewa! Analandira mankhwala, anachira. Sing'anga uja sindinaone n'komwe nthawi imene anachoka.

Sindikunamizani kuti onse anapepesa. Alipo ena mpaka lero amatipatsa moni wapatali. Koma amake Dalitso anabwera naye okha mwana wawo pakhomo panga n'kumuuza kuti, "Pita ukasewere ndi mnzako." Thupi linapepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni.

Patapita nthawi, Tiyamike anajambula yekha masamba osowa aja ndi pensulo, n'kuwamata m'buku ndi phala. Anabwera kudzandionetsa ndikuchapa. Kamtsikana kanawapeza amayi ake ataima pakhomo pa kanyumba ka malata, loboti akuyang'anira pambali. Nditayang'anitsitsa, mayi wa pachithunziyo anali ndi chipsera pachipumi, pamalo pomwe pali changachi. Ndinafunsa kuti, "Ameneyu ndani?" Iye anati, "Aaa, amayi, simukudziona?"

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero losakongola lija, n'kutuma mmisiri wa ndowa wa chipembedzo china kudzawombola mwana wanga. Che Jafali, Mulungu akusungeni. Ndipo inu amene anthu akulozani chala lero, musamusiye dzanja mwana amene munapatsidwa, ngakhale bwalo lonse litakuukirani. Gwadani, nenani zimene zili mumtima mmene zililimo. Wanga uja ali m'nyumba muno, amadya, amaseka, ndipo amanditcha amayi. Ambuye alemekezeke. Ameni.