Foni Ikuti Yatumiza

Anjelina wa ku Chilomoni anali ndi mankhwala amodzi a chinthu chilichonse chokana kugwira ntchito: kudina mwamphamvu, chikakanabe n'kudinanso. Rimoti ya m'nyumba mwake inafufutika manambala, swichi ya kuchipinda inalowa m'khoma, ndipo amuna ake, a Onesimo, munthu womva mawu monga momwe anenedwera osathirako mchere, anazolowera kukhala patali ndi chala chimenecho.

Loweruka lina masana anakhazika laputopu patebulo, foni pambali pake.

"Bambo a Tionge, tabwerani. Vidiyo ija ichoke mufonimu ilowe umu, alandilodi asanafike."

"Vidiyo iti?"

"Tili ndi zingati zotisamutsa m'nyumba? Ya ku shawa ya Ida!"

Ku bulaido shawa ya Ida, Anjelina anakulunga pilo kumbuyo m'chitenje, chikolopa kumutu m'malo mwa wigi, loko m'khosi, n'kuyenda monyang'wa ngati Mayi Jesinta, eni nyumba, akukuwa mawu amene iwo amakuwa potseka mpope: "Pano si pa boma!" Azimayi anagwa m'mipando. Mayi Jesinta kunalibe, anali ku maliro ku Chikwawa, koma m'mawa wa Lowerukali anali atanena kuti akamaliza kutayipa za kutchalitchi pa kompyuta yawo abwera kudzaona zithunzi za ku shawako. Ndipo iwo sankaonetsedwa zithunzi ayi, ankalanda foni n'kumapsatira okha. Ankakhala kuseri kwa khoma lomwelo la pabalaza, moti nyimbo ya kwaya imene ankang'ung'udza inkamveka ngati ali nawo patebulo. Munthu amene ankakhala m'nyumbayi poyamba anasamutsidwa chifukwa choseka tsiku limene mphepo inawavula Mayi Jesinta wigi. Koma nyumbayi inali ya mpope pakhomo, mita yakeyake ya magetsi, sukulu ya Tionge poteropo.

"Ingoifufutani," anatero a Onesimo.

"Ndifufute? Mkwatibwi anasungunuka mekapu ndi misozi. Chinthu chimodzi chokha chimene chandiyendera chaka chino, inu mukuti ndifufute?"

"Ndiye tigwiritse waya."

"Wayayo ali kuti?"

"Munamangira thumba la makala."

"Nanga mukumutchuliranji? Komanso waya ndi wa anthu a kumudzi. Hamis anati ukangolumikiza pa bulututhi, za mufoni zimapita zokha mukompyuta, mumphepo. Yatsani."

Hamis anali wokonza makompyuta mumsika wa Ndirande, kumene anagula laputopuyo. A Onesimo anapukuta chala pathalauza, n'kudina kamodzi, mwaulemu.

"Ikusaka."

"Isake msanga. Si ntchito ikufunayi."

"Yapeza. Yalemba kuti HAMIS-PC."

"Ndi yathu imeneyo. Hamis kompyuta iliyonse akaigwira amaipatsa dzina lake, ngati anabereka ndi iye."

A Onesimo anakweza mutu pang'onopang'ono. "Iliyonse?"

"Iliyonse."

"Ndiye, mayi a Tionge, ngati Hamis..."

"Ndakufunsani mbiri ya Hamis? Dzina limenelo ndisalimvenso mpaka nditamaliza. Mwamva?"

"Ndamva."

"Tumizani."

"Ikuti ikudikira kuti kompyuta ivomere."

"Ndiye vomerani!"

A Onesimo anayang'ana laputopu kumanja, kumanzere. "Sikundifunsa kanthu."

"Mukufuna ikugwadireni?"

"Ayi, imangolemba. Ee, taonani, foni ikuti yavomera."

"Mwaona? Yavomera yokha. Ikudziwa mwini wake. Ili ndi nzeru kuposa anthu ena amene ndimawaphikira."

"Ndani? Tionge?"

"Eya, Tionge. Penyani kafoniko."

Kamzere kobiriwira kanakwawa ngati minibasi yodikira anthu. Kenako foni inalira kuti ti!

"Ikuti yatumiza."

Anjelina anakokera laputopu kwa iye. Anatsegula apa, anatsegula apo. Munali nyimbo za kwaya, chithunzi cha ubatizo wa Tionge, basi.

"Ili kuti?"

"Foni ikuti yatumiza."

"Ndamva zimene foni ikunena. Ndikufunsa kuti ili kuti."

"Kumene yapita."

"Zikomo kwambiri, aphunzitsi. Mwina yagwera panjira. Tayang'anani pansi pa tebulopo."

A Onesimo anagwada. Panamveka kukhwekhwereza.

"Vidiyo palibe. Koma sipuni ija munkati anaba mnzanu Monika ndi iyi."

"Dzukani, inu! Tumizaninso."

"Yatumiza kale."

"Patseni kuno." Anjelina analanda foniyo n'kuidina mpaka chala kuyera. "Chinthu chimafuna mphamvu. Inu mumachigwira ngati dzira la eni ake."

Ti!

"Ikutinso yatumiza," anatero a Onesimo, akusuzumira paphewa.

"Ndimatha kuwerenga. Ndinafika Fomu 2."

"Koma kagetsi aka ka buluu, ka pambali pa laputopu, sikakuyaka."

"N'kokongoletsa kameneko."

"Kalembedwa chizindikiro chofanana ndi cha mufonimo."

"Ndiye kuti n'zapachibale. Inunso mumafanana ndi achimwene anu, koma iwo anamanga nyumba ku Machinjiri. Kufanana si kugwira ntchito."

"Achimwene anagula malo kalekale, kusanadule."

"Mayo ine! Chatsala n'kungoipempherera basi."

A Onesimo anavula kapusi.

"Valani chipewacho!"

Anjelina anadinanso. Ulendo uno anayamba kuzungulira pabalaza foni ili m'mwamba, monga achitira anthu posaka netiweki. Anapita kukhomo, kamzere kanaima. Anapita kuwindo, kanayenda pang'ono. Atafika pakhoma la alandilodi, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, kanathamanga ngati kaona mwini ngongole.

"Aha! Mwaona? Apa!"

"Ndaona. Mukatalikira laputopu ikufulumira."

"Chifukwa mphepo yake imalowera kukhoma kuno."

"Khomalo lilibe windo."

"Nanga nyimbo za alandilodi zimalowera pati? Bwerani mugwire apa. Muikanikize kukhomako, musasunthe."

A Onesimo anaima chilili, foni ataiphatika pakhoma ngati akupha mphemvu.

Ti!

"Ikuti..."

"Mukanenanso kuti yatumiza, mukagona kwa achimwene anuwo."

A Onesimo anatseka pakamwa, n'kungomutembenuzira foniyo kuti awerenge yekha.

Mulaputopu munalibe kanthu. Anjelina anaizimitsa, anaiyatsa, anaimenya pambali kawiri. Anatulutsa mpweya wautali.

"Vidiyoyi yalemera. Ndi chifukwa chake. Tiyese kaye chopepuka. Pezani chithunzi."

"Chiti?"

"Chilichonse."

"Choyamba ndi ichi cha wigi ya alandilodi itayanikidwa pampanda, mphaka atagonapo."

"Tumizani chomwecho. Chimenechonso chikufunika kubisa."

"Mwalembapo mawu pansi pake."

"Ndikudziwa zimene ndinalemba."

"Mwalemba kuti, 'Mapasa.'"

"Musakuwe! Khomali ndi la pepala. Tumizani mwakachetechete."

Ti!

A Onesimo anapendeketsa khutu. "Alandilodi asiya kuimba."

"Mulungu wamva kulira kwa Chilomoni yense. Ndiye kuti atsala pang'ono kumaliza, akubwera. Fulumirani! Sankhani zonse. Mavidiyo, zithunzi, zonse zipite kamodzi. Chimodzi chokha chilowa, zinazo zitsatira ngati mbuzi."

"Zonse?"

"Mawu akuti zonse ali ndi tanthauzo lina kwanu ku Nsanje?"

"Mulinso ija munajambula amuna awo a alandilodi akutsika minibasi ku Mbayani tsiku lija anati ali ku Zomba."

"Makamaka imeneyo! Ikapezeka mufoni mwanga tathera pompo. Dinani."

"Mayi a Tionge, pali chinthu chimene ndikufuna kunena."

"N'chokhudza chiyani?"

"Munthu amene munati ndisamutchule."

"Ndiye chidikire."

"Chabwino."

A Onesimo anadina. Foni inayamba kulira motsatizana, ti, ti, ti, ngati anapiye. Anjelina anakhala kutsogolo kwa laputopu manja ali m'chiuno, kudikira kuti katundu wake atulukire. Kuseri kwa khoma mpando unakhwekhwerezeka. Kenako kunamveka mawu, okweza, onyada:

"Pano si pa boma! Madzi awa si a mvula!"

Anjelina anaseka chamumtima, n'kugwedeza mutu. "Mwamva? Ayamba. Wina wawatsegulira mpope. Ndendende mmene ndinawatengera. Mpaka kokoka mawu kumapetoko. Ine ndiye ndili ndi mphatso."

"Amenewo si alandilodi."

"Nanga ndani? Papa wa Katolika?"

"Ndi inu."

"Ine ndili pano."

"Muli pano, komanso muli uko."

Kuseri kwa khoma kunaphulika phwete la azimayi ambiri, nthungululu, ndi mawu a Ida akulira kuti, "Anjelina, siya, undipha!" Kenako zii. Kenako zinayambiranso poyambirira, mokweza kuposa poyamba.

"Pano si pa boma!"

Anjelina anakhala pansi pang'onopang'ono, ngati munthu wobaidwa jakisoni.

"Bambo a Tionge."

"Wawa."

"Vidiyo yanga ikutani m'nyumba mwa eni ake?"

"Mwamaliza?"

"Ndamaliza chiyani?"

"Munati ndisatchule dzina lija mpaka mutamaliza."

"Nenani!"

"Hamis. Laputopu ya alandilodi anagulitsanso ndi Hamis. Munawaperekeza ndinu, munati akuchotserani mtengo mukapita awiri. Ndiye nayonso ndi HAMIS-PC. Yathuyi kagetsi kake n'kozima, foni sinaione n'komwe. Imene imavomera ija ndi iwowo."

"Ndipo inu munadziwa kuyambira liti?"

"Pamene munati iliyonse."

"N'kungokhala chete? N'kumakanikiza foni pakhoma?"

"Munati ndisasunthe."

"Nditati mudziponye mumtsinje wa Mudi mungadziponye?"

A Onesimo anaganiza kaye. "Panopa madzi ndi ochepa."

Anjelina anagwira kumutu. Anawerenga mumtima zimene zinawoloka khoma: chikolopa katatu, mphaka, minibasi ya ku Mbayani. Kuseri kuja vidiyo inaima. Kunamveka chitseko, mapazi olemera kulowera kugeti, nyundo ikugogoda, mapazi kubwerera.

Ti!

"Foni ikufunsa," anatero a Onesimo. "Ikuti HAMIS-PC ikufuna kukutumizirani chinthu. Ndivomere?"

"Ayi."

"Chabwino."

Anjelina anapirira mpweya umodzi wokha. "Patseni kuno." Anadina, mwamphamvu.

Chinali chithunzi cha geti lawo lomwelo. Pagetipo panali katoni yongokhomedwa kumene, yolembedwa ndi makala: NYUMBA YA LENDI ILIPO. YA MPOPE PAKHOMO.

"Zikuyenda mbali zonse ziwiri," anatero a Onesimo, mosangalala pang'ono. "Hamis sananame."

Khoma linagogodedwa katatu.

"Mayi a Tionge!" Ulendo uno anali eni ake enieni, ndipo Anjelina anazindikira kuti pokoka mawu kumapeto sanawafikepo n'pang'ono pomwe.

"Wawa, amayi!"

"Musavutike kundibweretsera zithunzi. Ndaona zonse. Zaoneka bwino kwambiri."

"Amayi, zija zinali zocheza chabe, za azimayi..."

"Chikolopa mwavala kumutucho n'changa. Munabwereka mwezi watha. Muchisiye pakhomo mukamatuluka."

"Amayi..."

"Ya ku Mbayani ndiye ndathokoza. Enawo ndithana nawo akafika. Inu mwezi ukatha. Pano si pa boma!"

Kunamveka loko akutsekedwa pampope. Dzuwa linali likadali pamutu.

A Onesimo anakanda m'mutu. "Mwina mukapepese. Mukagwade, mutenge ndi nkhuku."

"Munthu wakhoma kale katoni ndi nyundo, inu mukuti nkhuku? Ndipo ine ndikhale pano mpaka mwezi uthe, ndizikapempha kiyi wa mpope kwa munthu amene waona pilo uja katatu? Ndiponso amuna awo akafika madzulo ano, mukuganiza adzafuna mutu wa ndani?"

"Wa amene anajambula."

"Lero mwalasa. Tsitsani chikwama chija."

"Chiti?"

"Chamizeremizere cha ku Joni. Ine ndi Tionge tikagona ku Bangwe kwa achemwali. Mawa ndiyamba kusaka nyumba. Inu mutsale muzilondera mipando."

"Akandifunsa ndinene kuti chiyani?"

"Musanene kanthu. Mumatha bwino zimenezo."

Anjelina anaponyamo zitenje, yunifolomu ya Tionge, nsapato za kutchalitchi, laputopu yosalakwayo pakati pa zovala. Chikolopa anachiimika panja pakhomo, mutu m'mwamba. Zipi wa chikwama anakana pakati. Anjelina anamukoka mwamphamvu, anakanabe, anamukokanso, mpaka anatseka. Ananyamula foni, n'kuyang'ana vidiyo ija kanthawi.

"Mufufuta tsopano?" anafunsa a Onesimo.

"Ndifufutirenji? Ndiibisirenso ndani?"

A Onesimo anasenza chikwamacho paphewa. Pakhomo anaima, n'kuyang'ana thumba la makala lomangidwa bwinobwino pakona.

"Komatu munanena zoona, mayi a Tionge," anatero ndi mtima wonse. "Zonse zafika, popanda waya."