Dzina la Malemu mu Kompyuta

Pa siteji ya minibasi pa Boma, mayi wina wovala zakuda anaima pamaso pa bambo wovala malaya a bungwe la alimi.

"Achimwene, zoti mukusintha kompyuta ya maimelo n'zoona?"

"N'zoona, mayi. Pulogalamu yakale ikutha Lachisanu. Laisensi yatsopano ikulola mayina khumi okha, ndiye omwalira tikuwachotsa."

"Manyazi mulibe? Amuna anga, a Namathanga, akugwirirani ntchito zaka zonsezi, dothi pamanda silinaume, mwayamba kale kuwafufuta? Mwana wathu ku Joni amalembera pa dzina lawolo!"

"Pepani, mayi. Mumuuze azilembera pa dzina langa, ndizikubweretserani makalatawo."

"Andifunsa chifukwa chake. Akulemba mayeso mwezi wamawa. Za maliro sindinamuuze."