Anandichotsa nchito chifukwa chofedwa mwamuna

Monile mose, omvela anzanga. Ndine mai wa ku Lundazi.

Ndinali kuphika m'lesitilanti ina pafupi ndi pokwelela maminibasi a ku Chipata. Mwamuna wanga atamwalila, ndinabwelela ku nchito nditametedwa, nditavala zakuda. Abwana anandiimitsa pakhomo.

"Amai, simunasambitsidwe. Mukathila mchele m'ndiwo, makasitomala adzatupa miyendo."

Ndinapempha kuti ndizingotsukako mbale kuseli, koma anakanitsitsa. Lelo ndimadyetsa ana anga pogulitsa nshawa, kapena kuti mtedza, panja pa khomo lomwelo.

Chaka chomwecho, bambo wootcha nyama pa lesitilanti yomweyo anafedwa mkazi. Abwana anam'gulila bokosi, ndipo malilo atangotha, bamboyo anabwelela pa mbaula yake, mchele uli m'manja.

Inu eni mabizinesi, tandiyankhani: kodi imfa imadetsa manja a akazi okha?