Masola Ofunda Mabulangete

Wometa wina anagulitsa njinga yake yamoto kuti aike masola padenga la shopu, atamva kuti magetsi otsala azigulitsa kwa anthu a mumsewu wawo kudzera pa mawaya a kampani. Koma masana aliwonse mtengo wa magetsiwo unkagwa, ndipo tsiku lina mlamu wake, munthu womva zinthu monga momwe zanenedwera, anamupeza akuiloza mita ya magetsi ndi chipeso ngati mwana wopalamula.

Mlamuyo anafotokoza modekha kuti masana aliyense wa sola amagulitsa, ogula amachepa, ndiye mtengo umakhazikika pomwe ogulitsa ndi ogula akumana.

"Akumana kuti? Ine sanandiitane," anatero wometa.

"Sakumana maso ndi maso, alamu. Amawerengera ndi makina."

"Zikomo aphunzitsi. Basi, sindigulitsa. Ndidikira madzulo mtengo ukwere."

"Magetsiwo muwasunga muti? Batire mulibe."

"M'ndowa."

Mlamu anaiyang'ana ndowa ya matawulo ili pakona, n'kunena kuti yapulasitiki singagwire magetsi. Wometa anapumira m'mwamba.

"Ndiye kalipempheni dzuwa lizituluka madzulo."

"Silingamve. Koma ogulitsa atachepa, mtengo ukhoza kukwera."

"Eya, nzeru zakuya zimenezo. Tengani mabulangete mufunditse masola onse mumsewu muno, asazizidwe."

Mlamu anafunsa ngati eni nyumbazo angalole. Wometa, akutsuka makina ometera, anamuuza kuti angokawauza kuti alemera. Mlamu anagwedeza mutu n'kutuluka.

Wometa anaiwala za nkhaniyo. Ali mkati mometa kasitomala, anamva mapazi pamalata. Atatuluka anapeza madenga onse avala: mabulangete, makatani, kwinaku kapeti. Mlamu anali pamakwerero, thukuta lili kamukamu.

"Inetu ndimangokunyozani, alamu."

"Simunanene. Koma zatheka, kaoneni mita."

Wometa anathamangira mkati. Mtengo unali utakweradi, kuposa wa madzulo. Anaima pakati pa shopu, fani ikuzungulira, firiji ya zakumwa ikulira, makina ometera akunjenjemera m'dzanja, ndipo m'maganizo mwake njinga yamoto inali itabwerera kale, yatsopano. Anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Maganizo anali angatu, musaiwale. Ndiye panopa ndikugulitsa pa mtengo umenewu?"

Mlamu anakoka bwino ngodya ya bulangete kuti dzuwa lisalowe.

"Ayi, alamu. Sola yanu yafunda. Panopa mukugula."