Njala Ipite kwa Chotupa, Osati kwa Wodwala

Olemekezeka mkulu wa chipatala chino, olemekezeka mkulu wa sukulu ya zaudokotala, apulofesa amene muzitsogolera labotale yatsopanoyi, madokotala ndi anamwino, ophunzira amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yatha, anzanga a m'gulu la opulumuka ku khansa, amayi ndi abambo, landirani moni wanga nonse.

Atandiimbira kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinafunsa ngati sanaphonye nambala. Ine ndine telala. Chimene ndimadziwa ndi lumo, ndiye mwina anaona kuti riboni iyi ikufunika munthu wodula mowongoka.

Koma khansa ndimaidziwa, chifukwa inagonapo m'bere langa lakumanzere. Tsiku limene ankatiuza za matendawa, dokotala anafotokozera ine ndi amuna anga kuti maselo a chotupa ndi adyera: amameza shuga wa m'magazi mofulumira kuposa maselo abwinobwino kuti azichulukana osapuma. Ine ndinamva zonse zimene ananena. Amuna anga anamva mawu oti shuga basi.

Titafika kunyumba, botolo la shuga linalowa m'kabati, kabati n'kukhomedwa. Mawa lake buledi anatsatira, kenako mpunga, kenako nthochi. Mlamu wanga, amene amachiza matenda onse ndi foni yake, anabwera kudzathirira ndemanga. "Mlamu, musadandaule," anatero, "chinthuchi tichipha ndi njala." Iwo akutafuna patebulo, ine ndikumwa madzi otentha ndi masamba owiritsa. Ndikati ndilankhule, amuna anga ankati, "Amayi, pirirani, tikuchita izi chifukwa timakukondani." Ndinayamba kuchepetsa madiresi anga pa makina, lero ili, mawa lina.

Tsiku lokalandira mankhwala a m'diripi, namwino wina amene tinkamutcha Mayi Sikelo anandiyeza, n'kuyang'ana nambala, n'kuyang'ana ine, n'kupita kukaitana dokotala. Dokotala anati, "Mayi, lero mankhwala sindikupatsani, thupi ili silingawapirire. Kodi kunyumba mukudya?" Amuna anga anayankha chifuwa chili patsogolo, "Adokotala, shuga tinatseka yense." Dokotala anavula magalasi. "Bambo," anatero, "chotupa sichidikira mbale. Mukawamana mayiwa chakudya, thupi limasungunula minofu yawo n'kupanga shuga, ndipo chotupa ndicho chimayamba kudya. Amene mwawaondetsa ndi mayiwa, chotupa chili bwinobwino."

Mukusekatu, ndipo nanenso lero ndimaseka, koma tsiku limenelo bambo amenewa analira m'khonde la chipatala, ndipo ndinawamvera chisoni kuposa mmene ndinkadzimvera ndekha. Safunsa anadya phula, n'zoona, koma munthu amene mnzake akudwala amafuna chogwira, ndipo chimene iwo anali nacho pafupi chinali kiyi wa kabati. Kuyambira madzulo amenewo ankandiphikira ngati akudyetsa anthu omanga nyumba. Thupi linabwerera, mankhwala ndinalandira, ndipo ndi ine pano. Iwo ali apo pa mzere wachiwiri, akuyang'ana nsapato zawo.

M'mawa uno apulofesa andiyendetsa m'zipinda zonse, andionetsa mafiriji ndi timbale tagalasi momwe muzikulitsira maselo a chotupa, ndipo andifotokozera m'chilankhulo cha telala. Akuti ganizo lomana chotupa chakudya si lopusa, kungoti silichitikira kukhitchini. Ntchito yanu ndi kupeza tizitseko timene chotupa chimalowetsera chakudya chake, ndi kupanga mankhwala otseka tizitseko timeneto, pamene wodwala akudya mpaka kukhuta. Andichenjezanso kuti chotupa n'chochenjera, ukachitsekera shuga chimatembenukira ku zakudya zina, choncho ntchitoyi si ya chaka chino kapena chamawa. Ana anga ovala makoti oyera, kuona maso a nkhono n'kudekha. Dekhani, koma musagone.

Ndithokoze akuluakulu amene munalimbana kuti nyumba iyi imangidwe, amisiri amene munaimanga, ndi anamwino amene mumatikalipira mwachikondi tikasiya kudya. Ndithokozenso odwala amene mwalola kuti tizidutswa ta zotupa zanu tibwere muno kuti tidzathandize ena amene simudzawaona.

Sabata iliyonse ndimakakhala pa benchi ya kuwodi n'kumacheza ndi odwala atsopano. Pali mtsikana wina, mwana wake wangoyamba kumene kuyenda, ndipo apongozi ake anali atamuletsa kale tiyi wa shuga. Ndinamuuza nkhani yangayi, ndinawauzanso apongoziwo, ndipo pano akudya. Koma sabata yatha anandigwira mkono n'kundifunsa kuti, "Nanga amayi, ngati ine ndikudya, chotupacho achimane ndani?" Funso limeneli ndinapita nalo kunyumba. Sabata ino ndikamuuza kuti anthuwo ndawaona ndi maso anga, ndagwirana nawo chanza, ndipo ayamba lero.

Ndi mawu amenewa, lumo lili m'manja, ndikulengeza kuti labotale yofufuza kadyedwe ka maselo a khansa yatsegulidwa tsopano.

Zikomo kwambiri.