Bambo Grain Masiye sanathawe ntchito

Malemu Bambo Grain Masiye anabadwa m'chaka cha 1951 kwa Njolomole, m'boma la Ntcheu. Sukulu anayambira ku Gowa, ndipo atalekeza mu Sitandade 8 anaphunzira ukalipentala kwa amalume awo.

Anabwera ku Lilongwe mu 1974. Chaka chotsatira anamanga banja ndi Mayi Jacinta mu mpingo wa Katolika, nakhazikika kuno ku Mgona. Pa mphakati wathu wa mpingo anali munthu wosasowa pamavuto a anzawo. Kuyimba kokha n'kumene Mulungu anawamana, ngakhale iwo sankavomera.

Anagwira ntchito pa kampani ina yopala mipando ku Kanengo kufikira 1996. Chaka chimenecho mnzawo wa pantchito, Bambo Peterson, anamwalira alibe mbale m'tauni muno. Bambo Masiye anakhoma okha bokosi, napempha tchuthi kuti aperekeze thupi ku Nsanje. Akapitawo anakana. Bambo Masiye anakwerabe lole yonyamula malirowo. Pobwerera anapeza atachotsedwa ntchito osafunsidwa ngakhale liwu limodzi, ati anathawa ntchito. Mbiri imeneyi inawatsekera makomo kulikonse kumene ankafunsira ntchito, ndipo inawapweteka koposa njala.

Anakadandaula ku ofesi ya leba, ndipo kumeneko kubwera mawa sikunkatha. Sanatope. Ankapita wapansi atavala jekete lawo lija la bulawuni, mpaka mayi akunyumba ankawaseka kuti jeketelo likhoza kukafika lokha. Aliyense wowauza kuti angozisiya ankamuyankha mawu amodzimodzi: “Ine sindinathawe ntchito, achimwene, ndinali kumaliro.”

Chaka chino cha 1999 khoti la milandu ya pantchito linalandira dandaulo lawo, ndi kuwayitana kuti akaonekere mwezi wamawa. Koma chifuwa chimene chinayamba nthawi ya dzinja chinakula, ndipo atisiya Lolemba ku chipatala cha Central. Zikutiwawa kuti sanadikire.

Mlanduwo sitiukwirira nawo lero. Mayi Masiye anena kuti akaima okha pakhotipo. Mboni zilipo: amuna mukuwaona atanyamula bokosiwa ndi akalipentala a pa kampani yomwe ija. Nawonso dzulo anapempha chilolezo ndipo anakanizidwa, koma abwera.

Asiya mkazi, ana anayi, Tione, Mabel, Ezekiel ndi Chisangalalo, zidzukulu ziwiri, ndi mlongo wawo Mayi Veronica.

Zotsalazo tikanena ndife kukhotiko. Iwo apumule mu mtendere.